Tibayitse Galu Asanalume, Tifunse Tisanamange

Mawu amene mkulu wofalitsa nkhani ku Khonsolo ya Mchinji anayankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera la Mkanda

 

Ndabwera ndi nkhani ziwiri zimene poyamba zingaoneke ngati zosayenderana. Yoyamba ndi ya agalu amene tikuweta m'makomo mwathu, katemera wawo ndi ziphaso zawo. Yachiwiri ndi ya chilolezo chimene munthu ayenera kutenga asanayambe kumanga pamalo a malonda ngati pano pa Mkanda. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, pongomva mawu akuti chiphaso ndi chilolezo, mtima wathamangira kale kuthumba, ndipo mukuti khonsolo yabweranso ndi msonkho wina. Ndikupemphani mundimvere mpaka kumapeto, kenaka mundiweruze.

Chimene chikumanga nkhani ziwirizi pamodzi ndi ichi. Galu ndi wa mwini wake, koma tsiku limene wadwala chiwewe saluma mwini wake yekha. Nyumba ndi ya mwini wake, koma madzi otsika padenga pake, dzenje la chimbudzi chake ndi khoma lake zimafika kwa mnansi. Mnansiyo sitinamufunse pamene tinkagula galu, ndipo sitinamufunse pamene tinkaumba njerwa. Pepala limene lamulo limafuna ndi njira yoti iye, pamodzi ndi ana ake, akhale otetezeka ku zinthu zimene ife tasankha patokha.

Nyengo ino ndi yoyenera kukamba zimenezi. Fodya, mtedza ndi soya zagulitsidwa, ndalama zili m'manja, ndipo aliyense wodutsa m'misewu yathu akuona mauvuni a njerwa akufuka. Ino ndiyo nthawi imene maziko ambiri amakumbidwa. Komanso pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi matenda a chiwewe.

Nkhani ya agalu

Ndiloleni ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga ndili ku pulayimale. Tinali ndi mnzathu amene tinkadyetsa naye mbuzi kudambo. Tsiku lina akusewera ndi kagalu kakang'ono ka pakhomo pawo, kagaluko kanamuluma pachala. Bala lake silinali loti munthu n'kulirira. Makolo anapakapo mankhwala azitsamba, ndipo linapola. Patapita masiku ochepa kagaluko kanafa, anakataya kudzala, palibe amene anaganizapo kanthu. Itatha miyezi iwiri mnzathu uja anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta. Ankalira ndi ludzu, koma akamubweretsera madzi m'chikho ankanjenjemera ndi kukuwa. Pamene ankafika naye kuchipatala, madokotala analibenso chochita. Titaika maliro, mudzi unagawanika, chifukwa ena anayamba kuloza chala gogo wina wosalakwa kuti ndiye walodza mwanayo. Mabanja awiri aja sanayankhulanenso kwa zaka zambiri. Chimene chinapha mnzanga sichinali ufiti. Anali matenda amene jakisoni mmodzi wobaya galu akanawatsekereza.

Chiwewe chimayamba ndi kachirombo kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kachiromboka kakalowa pabala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanaonetse zizindikiro, ngakhale kuti nthawi zina pamangopita sabata imodzi, ndipo nthawi zina mpaka chaka. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amakhala ataiwala kale za galu uja pamene matenda akuonekera. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pa anthu khumi alionse amene amafa, pafupifupi anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, kulibe chipatala chimene chingalonjeze kuchiza munthuyo.

Koma pakati pa tsiku lolumidwa ndi tsiku lodwala pali mpata, ndipo mpata umenewu ndiwo moyo wa munthu. Pa 6 Julayi 1885, katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anayamba kupereka katemera kwa mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Tsiku la 28 Sepitembala lija linasankhidwa chifukwa ndilo tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895. Choncho mankhwala akhalapo kwa zaka zoposa 130. Chimene chimatipha ndi kuchedwa. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musamange bala, musapakepo dothi, phulusa kapena zitsamba. Tsiku lomwelo pitani kuchipatala chathu cha Mkanda kapena china chilichonse chapafupi, ndipo mukatumizidwa ku chipatala chachikulu ku boma, musazengereze. Katemera wa munthu sabayidwa kamodzi, choncho malizani masiku onse amene alembedwa m'buku lanu lakuchipatala.

Nanga galu amene walumayo? Ngati angathe kugwidwa popanda kuika moyo wa munthu wina pachiswe, mumangeni pamalo payekha, muzimupatsa chakudya, ndipo mudziwitse mlangizi wa ziweto wa ku EPA ya Mkanda. Galuyo amayang'aniridwa kwa masiku khumi, pakuti galu amene anali ndi kachiromboka m'malovu pa tsiku lolumalo sadutsa masiku amenewa ali bwinobwino. Wolumidwayo asakhale pakhomo kudikira masiku khumiwo, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Galu akafa kapena akaphedwa, musamutaye kudzala monga tinachitira ife. Alangizi ali ndi njira yotumizira mutu wake kukapimidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Dziwaninso kuti si galu wachiwewe aliyense amene amalusa. Wina amangofooka, chibwano chili pansi, dovu likuchucha. Ng'ombe nayo ikatenga chiwewe imaoneka ngati yatsamwa, ndipo alimi ena atenga matendawa polowetsa dzanja m'kamwa mwake.

Akatswiri anapeza kuti agalu asanu ndi awiri pa khumi alionse a m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, kachiromboka kamasowa kolowera ndipo matendawa amazilala. Zimenezi si nthano ya kutali. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ntchitoyo itapitirira, chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri. Mu 2019 bungwe la WHO linatsimikiza kuti dziko la Mexico lathetsa chiwewe chochokera kwa agalu kupita kwa anthu. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Ngati Blantyre, ndi chipiringu chake chonse, anakwanitsa kusonkhanitsa agalu ochuluka chotero, ife a kwa Mkanda, amene timadziwana khomo ndi khomo, tingalephere bwanji?

Apa ndi pamene pepala likulowera. Sitingadziwe kuti tafika pa agalu asanu ndi awiri pa khumi ngati sitikudziwa kuti agalu onse alipo angati. Mlangizi sangaitanitse katemera wokwanira ngati nyakwawa ikungoyerekeza pakamwa. N'chifukwa chake tikupempha kuti m'mudzi uliwonse mukhale kaundula wa agalu, wolembamo dzina la mwini, chiwerengero cha agalu ake ndi tsiku limene anabayidwa. Galu akabayidwa, mwini wake amalandira chiphaso, ndipo chiphaso chimenechi musachione ngati kapepala koyatsira moto. Tsiku limene galu wanu waluma mwana wa mnzanu, a chipatala, a zaziweto ndi a polisi adzafunsa chiphasocho. Mukachionetsa, mitima ya makolo a mwanayo imakhalako pansi, ndipo mlandu wanu umapepuka. Mukasowa choonetsa, mudzapepesa, koma akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda.

Lamulo nalo silinakhale chete. Dziko lathu lili ndi lamulo loona za matenda a ziweto, lotchedwa Control and Diseases of Animals Act, limene limapatsa mphamvu a zaziweto kulamula kuti agalu onse amangidwe m'dera limene chiwewe chabuka, ndipo galu wopezeka akuyendayenda pa nthawi yoteroyo akhoza kuphedwa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsanso makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awoawo oteteza umoyo wa anthu, ndipo nkhani ya ziweto zongoyendayenda m'misika ili m'gulu limeneli. Anzathu a ku Zambia ali ndi lamulo lakelake la agalu, Control of Dogs Act, limene limafuna kuti galu alembetsedwe. Ife tili m'malire, ndipo ambiri tili ndi abale tsidya linalo. Galu sadziwa kumene Malawi wathera, ndipo sadzera pa chipata cha Mwami kukadindisa pasipoti. Mukafuna kubweretsa galu kapena chiweto china kuchokera kutsidya, pamafunika chilolezo cha a zaziweto. Mukakacheza kwa abale, afotokozereninso za katemerayu, pakuti moto wa kwa mnansi suchedwa kufika pa tsindwi lako.

Ndamvapo alenje ena akunena kuti katemera amafooketsa galu, moti sathamangitsanso kalulu, ndipo ena amati galu wobayidwa sauwanso akuba. Zimenezi si zoona. Katemera sachotsa liwiro kapena ukali wa galu, amangomuteteza. Ena amabisa tiana ta agalu poganiza kuti n'tating'ono, chikhalirecho tiana timeneti ndito timasewera kwambiri ndi ana athu, monga kagalu kamene kanaluma mnzanga. Bwerani nato, alangizi ndiwo akaone. Enanso amati njira yachidule ndi kungopha agalu onse. Njira imeneyo inayesedwa m'maiko ambiri ndipo inalephera, chifukwa agalu obayidwa amafera limodzi ndi osabayidwa, kenaka anthu amakatenga agalu atsopano opanda katemera. Galu wobayidwa ndi mpanda wa mudzi. Agalu amaswana msanga, n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kubwerezedwa chaka chilichonse.

Nkhani ya zomangamanga

Tsopano ndilowe m'nkhani yachiwiri. Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 450,000 m'boma la Mchinji, ndipo wa 2018 anapeza oposa 600,000. Anthu akuchuluka koma nthaka sikukula. Mkanda ndi amodzi mwa malo amene boma linasankha kuti akhale timatauni ta kumudzi, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika kukula kwa matauni pakati pa nsanamira zake zitatu. Amene munabadwira kuno mukukumbukira pamene masitolo ankawerengeka ndi zala. Lero pali zigayo, magolosale, malo ogona alendo, mosungira mbewu ndi malo ochezera. Kukula kumeneku n'kokondweretsa. Funso ndi lakuti zaka makumi awiri zikubwerazi, ambulansi idzatha kudutsa pakati pa nyumba zathu kodi? Nanga sukulu ikadzafuna kuwonjezera makalasi, malo adzapezeka?

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano okhudza malo, ndipo ena mwa iwo anaunikidwanso mu 2022. Limodzi mwa malamulowa, Physical Planning Act, linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1988. Kale anthu ankadziwa kuti mapulani ndi nkhani ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kapena pa boma penipeni. Lamulo latsopanoli linaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani, ndipo makhonsolo ndiwo anapatsidwa udindo waukulu woyendetsa ntchitoyi m'madera awo. Choncho amene mukufuna kumanga sitolo, chigayo, malo ogona alendo, sukulu, tchalitchi, mzikiti kapena nyumba zalendi pamalo a malonda ano, yambani mwafika ku khonsolo musanakumbe maziko. Kugawa malo m'mapuloti ogulitsa nakonso kumafuna chilolezo, chimodzimodzinso kusandutsa nyumba yogonamo kukhala bala kapena chigayo.

Pali chisokonezo chimodzi chimene ndikufuna tichithetse pamaso pa mafumu athu. Ambiri amati, malowa anandipatsa ndi amfumu, ndiye khonsolo ikufunanso chiyani? Kukhala ndi malo ndi nkhani ina, ndipo chilolezo cha chimene mumangepo ndi nkhani inanso. Lamulo la malo a makolo la 2016 silinachotse mafumu. Linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, ndipo wapampando wake ndi gulupu mwini, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Mbali imeneyo imayankha funso lakuti malowa ndi a yani. Chilolezo chomangira chimayankha funso lina: kodi chinthu chimene mukufunachi chikuyenera pamalo pamenepa, ndipo kodi sichivulaza anthu? Malo akhoza kukhala anu popanda wotsutsa, koma chigayo cha dizilo n'kukhala chosayenera kuseri kwa kalasi ya ana. Pokhala m'malire, tikumbukirenso kuti kusintha kwa 2022 kunakhwimitsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino.

Kodi akatswiri amayang'ana chiyani mukabweretsa mapulani? Choyamba ndi msewu. Msewu uliwonse wa boma uli ndi malo ake osungidwa mbali zonse ziwiri. Pa msewu waukulu ngati M12, wochokera ku Lilongwe kudzafika ku Mchinji, ndi mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. Misewu yaing'ono ili ndi muyeso wocheperapo, ndipo akatswiri amakuonetsani polekezera. Malume anga ena, atagulitsa fodya chaka china chabwino, anamanga golosale ya njerwa ndi malata m'mphepete mwa msewu wafumbi wa kwawo. Anzawo anawalangiza kuti akafunse kaye, koma iwo anati msewuwo wakhala choncho kuyambira nthawi ya atsamunda. Patapita zaka zinayi anthu oyeza msewu anafika, napaka chizindikiro chofiira pakhoma. Anansi awo amene nyumba zawo zinali kunja kwa malo a msewu, koma zinakhudzidwa ndi kukhota kwatsopano, analandira chipukutamisozi. Malume sanalandire ngakhale tambala, chifukwa anamanga m'malo a msewu. Anagumula okha kuti apulumutseko malata. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi madzi ndi ukhondo. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa mapuloti ang'onoang'ono a pamsika, chimbudzi chanu chikhoza kukhala kutali ndi chitsime chanu koma pafupi ndi cha mnzanu wa kuseri kwa mpanda, ndipo zimenezi zimaoneka pokhapokha wina akayang'ana mapuloti onse pamodzi. Sitinaiwale kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chachitatu ndi njira za madzi a mvula. Munthu akatseka ngalande ndi khonde la sitolo yake, madzi sabwerera kumwamba, amakalowa m'nyumba ya wina. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatenga miyoyo ya anthu oposa 1,000, ndipo ambiri mwa amene anafa ku Blantyre ankakhala m'mphepete mwa phiri la Soche ndi m'njira za madzi. Ife tilibe mapiri otero pamsika pano, koma madambo tili nawo. Chachinayi ndi mawaya a magetsi a ESCOM, amene pansi pake sipayenera kumangidwa nyumba. Chachisanu ndi kulimba kwa chomangacho: kuya kwa maziko, kukula kwa makoma, mazenera olowetsa mpweya, ndi makomo othawira moto ukabuka m'nyumba yosonkhanamo anthu ambiri.

Njira yake si yovuta monga ena amaganizira. Mumabwera ku ofesi ya khonsolo yoona za malo ndi mapulani muli ndi umboni wakuti malowo ndi anu, chojambula choonetsa pamene puloti ili ndi malire ake, ndiponso mapulani a nyumba yojambulidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Mumalemba fomu ndi kulipira ndalama younikira mapulani. Akatswiri a mapulani, a zaumoyo ndi a zomangamanga amaunika, amafika pamalopo, ndipo komiti ya mapulani imapereka yankho lolembedwa. Ikhoza kuvomera, ikhoza kuvomera koma n'kukuuzani zoti musinthe, kapena ikhoza kukana n'kupereka zifukwa. Mukapanda kukhutira, lamulo limakupatsani mwayi wochita apilo. Koma womanga popanda chilolezo akhoza kulamulidwa kuimitsa ntchito, ngakhalenso kugwetsa chimene wamanga. Dziwaninso kuti chilolezo chomangira si laisensi ya bizinesi. Laisensi imatengedwa payokha pansi pa lamulo la 2012 la malaisensi a malonda.

Chilolezo chilinso ndi phindu kwa mwini wake. Mukafuna ngongole kubanki, mukafuna kugulitsa nyumba, kapena mukadzatsikira kulichete n'kusiya mkazi ndi ana, mapepala ndiwo amayankhula pamene inu simungathenso kuyankhula. Amayi ambiri amasiye alandidwa masitolo amene anamanga limodzi ndi amuna awo chifukwa panalibe cholembedwa chilichonse.

Mbali ya khonsolo ndi mbali yanu

Sindingakhale wachilungamo ndikangokamba za udindo wanu wokha. Mafunso amene anthu amafunsa m'misonkhano yotere ndi omveka. Amati ku boma n'kutali, ndipo ulendo umadya ndalama ya kabaza ndi ya minibasi. Amati mvula siyembekeza mapepala. Amati munthu wamba amauzidwa kuti agwetse, pamene wandalama akumanga osafunsidwa. Amafunsanso kuti galu akabayidwa chaka chino, chaka chamawa katemera adzabweranso kodi? Madandaulo amenewa muli nawo ufulu wowapereka, ndipo njira yake ndi yomweyi ya makomiti a chitukuko a m'midzi, komiti ino ndi makhansala anu, amene amakhala pa msonkhano wa khonsolo yonse. Lamulo limene limakakamiza inu kupempha chilolezo ndi lomwelo limene limakakamiza ofesi kukuyankhani, ndipo silisiyanitsa wa njinga ndi wa galimoto. Ntchito yanga ndi kubweretsa uthenga kuno, komanso kusenza mawu anu kubwerera nawo kwa Bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi zokhudzidwa. Zimene munene lero ndizilemba.

Pa nkhani ya ndalama ndikuchenjezeni mosapsatira. Ndalama iliyonse imene mukulipira ku khonsolo ikhale ndi lisiti ya khonsolo, yolembedwa dzina lanu, tsiku ndi chimene mwalipirira. Munthu akabwera pamalo anu omangapo n'kunena kuti mumupatse kangachepe kuti atseke maso, dziwani kuti sakukugulitsani chilolezo, akukugulitsani tsoka, pakuti tsiku loyeza msewu iye sadzakhalapo. Mufunseni chitupa cha ntchito, ndipo mukanene kwa khansala, ku polisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Chimodzimodzinso pa katemera wa agalu: tsiku ndi malo zimalengezedwa kudzera kwa mafumu ndi alangizi, ndipo wobaya weniweni amasiya chiphaso m'manja mwanu.

Ndimalize ndi mapempho anga. Kwa inu mafumu, tsegulani kaundula wa agalu m'mudzi uliwonse, ndipo munthu akabwera kudzapempha malo a malonda, mukamaliza mbali yanu mulozereni ku khonsolo asanagule simenti. Kwa aphunzitsi, uzani ana kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu asabise poopa kukalipiridwa, ndipo inu makolo musamenye mwana amene wabwera kudzaulula. Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, lengezani tsiku la katemera monga mumalengezera zina zonse, ndipo pomanga nyumba zopempherera khalani oyamba kutenga chilolezo. Kwa amisiri omanga, funsani kaye pepala musanatambasule chingwe, chifukwa khoma likagwa dzina loyamba kutchulidwa ndi lanu. Kwa ogulitsa nyama ndi zakudya pamsika, kwirirani zotsala, pakuti ndizo zimaitana agalu osowa mwini. Ndipo kwa aliyense woweta galu, wetani amene mungathe kuwadyetsa, kuwamanga ndi kuwabayitsa.

Gogo Chalo, amayi ndi abambo, mnzanga uja akanakhala moyo lero bwenzi ali bambo wa msinkhu wanga, mwina atakhala pa benchi limodzi ndi inu. Malume anga akanayenda ulendo umodzi wokha wa ku boma, golosale yawo bwenzi ikadalipo. Onse awiri anataya zambiri chifukwa cha chinthu chaching'ono chimene sichinachitike pa nthawi yake. Tsiku la katemera likalengezedwa, tiyeni tibwere ndi agalu onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Njerwa zikapsa, tiyeni tifike ku khonsolo tisanaitane mmisiri. Tsopano ndine wokonzeka kulandira mafunso anu.